Phunziro 14: Timu ya Mpira ya Ana ndi Kayendetsedwe Kace

Ndi midzi yowerengeka m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi imene iribe bwalo la mpira. Kwina bwalolo liri pa sukulu, kwina m'mphepete mwa dambo, kwina pa tsala limene mfumu inapatsa anyamata. Dzuwa likapendeka ana asonkhana pamenepo ndi cimpombwa cao, ndiwo mpira wa mapepala a pulasitiki ndi nsanza, womanga ndi luzi kapena mphira, umene abale athu a ku Malawi aucha mpira wacikulunga. Golo lao ndi njerwa ziwiri. Woimbira mpira palibe. Mwini cimpombwa ndiye mfumu, ndipo akakwiya anyamula mpira wace napita kwao, masewera nathera pomwepo.

Masewera otere tisawanyoze ai, pakuti ndimo mwana aphunziriramo kunyenga mnzace ndi mpira, kuthamanga pa nthaka ya zitunda, ndi kupirira akapunthwa cala. Koma lero tiphunzira za cinthu cina, ndico timu yokhazikika ya ana, imene ena aicha kalabu ndipo ena aicha akademi. Timu yotere iri ndi dzina, atsogoleri, malamulo, masiku oyeserera, ndi mabuku. Cifuniro cace ndi kutenga mwana wa cimpombwa ndi kumlera pang'ono-pang'ono, kufikira atakhala wosewera weni-weni amene angathe kupikisana ndi a maboma ena.

Kumene zinacokera

Malamulo a mpira wa miyendo analembedwa ku London m'caka ca 1863. Bungwe loyang'anira mpira m'dziko lathu linayamba mu 1929, dziko likali kuchedwa Northern Rhodesia. Lero bungwelo ndi Football Association of Zambia, kapena FAZ mwacidule, ndipo linalowa m'bungwe la dziko lonse la pansi la FIFA mu 1964, caka comwe tinalandira ufulu wodzilamulira.

Pa zaka zambiri eni migodi ya kopa ndiwo analera osewera ambiri a dziko lino. Matimu monga Mufulira Wanderers, Nchanga Rangers, Roan United ndi Nkana anali kulandira mabwalo, mipira ndi zobvala kucokera ku mgodi, ndipo m'makomboni a anchito munali timatimu ta ana. Kalusha Bwalya, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu Africa m'caka ca 1988, anakulira ku Mufulira m'njira yotereyi. Pamene migodi inagulitsidwa kwa eni atsopano, makamaka pofika caka ca 2000, thandizo lija linacepa, ndipo nchito yolera ana inatsalira kwambiri masukulu ndi matimu a anthu wamba, monga Kafue Celtic ya ku Kafue, Afrisport ya ku Kitwe, ndi Bauleni United Sports Academy ya ku Lusaka.

Kuno kum'mawa tinalibe migodi yotero. Cuma cathu ciri m'khasu: cimanga, nshawa, thonje, mpendadzuwa, soya ndi fodya. Cifukwa cace timu ya ana ya kuno itsamira pa sukulu, pa mpingo, pa mfumu ya mudzi, ndi pa munthu wa sitolo amene ali ndi mtima wabwino.

Mpira uli ndi makwerero ace. Pamwamba peni-peni pali Super League. Pansi pace pali National Division One. Pansi pa imeneyi pali maligi a m'zigawo, pakuti FAZ iri ndi komiti m'cigawo ciri conse mwa zigawo 10 za dziko lino. Masukulu nawonso ali ndi makwerero ao: sukulu ipikisana ndi zinzace za m'zoni, opambana apita ku boma, kucoka apo ku cigawo, ndipo potsiriza ku mpikisano wa dziko lonse. Mwana wa ku Nyanje kapena wa kwa Pembamoyo sangalumphe makwerero onsewa tsiku limodzi. Ayenera kuponda liri lonse.

Nazale

Inu ana a alimi mudziwa kuti mbeu ya fodya siifesedwa m'munda waukulu. Iyamba pa nazale, pamene mlimi aithirira m'mawa ndi madzulo, aiphimba ndi udzu, naipatulira ikathithikana. Ikakhwima ndipo aiokera ku munda. Timu ya ana ndiyo nazale ya mpira, ndipo dziko limene lisamala nazale yace limakolola.

Taonani cimene cinacitika mu 2017. M'caka cimeneco dziko lathu linalandira mpikisano wa mu Africa wa anyamata osapitirira zaka 20. Pa 12 March, m'bwalo la National Heroes Stadium ku Lusaka, anyamata athu anagonjetsa Senegal ndi zigoli 2 kwa 0 natenga cikho; mphunzitsi wao anali Beston Chambeshi. Pambuyo pace anapita ku South Korea ku mpikisano wa dziko lonse la pansi, kumene anagonjetsa Germany 4 kwa 3, nafika pa matimu 8 otsiriza, Italy isanawaturutse. Mwa anyamata amenewo munali Patson Daka ndi Enock Mwepu, amene anapyola m'manja mwa Kafue Celtic. Onse awiri anapita ku timu ya Salzburg m'dziko la Austria, ndipo mu 2021 analowa m'matimu akulu a ku England: Daka ku Leicester City, Mwepu ku Brighton. Munalinso Fashion Sakala wa kwathu kuno ku Chipata, amene anasewerapo ku Nchanga Rangers ndi ku Zanaco, napita ku Russia ndi ku Belgium, ndipo mu 2021 analowa m'timu ya Rangers ku Scotland. Palibe mmodzi wa iwo amene anagwa kucokera kumwamba. Ali yense anapeza munthu amene anamphunzitsa akali wamng'ono, dzina lace lisanamveke pa wailesi.

Atsogoleri a timu

Mutu umodzi susenza denga. Timu imene itsamira pa munthu mmodzi imafa tsiku limene munthuyo asamuka, ndipo matimu ambiri a pa sukulu afa motero mphunzitsi wokonda mpira atamtumiza kwina. Cifukwa cace timu yokhazikika iyenera kukhala ndi komiti yosankhidwa ndi makolo.

Wapampando aitanitsa misonkhano, naimira timu pamaso pa mfumu, mkulu wa sukulu ndi akulu a ligi. Mlembi asunga buku la maina, ndipo za bukuli tidzanenanso, pakuti ndi lofunika koposa m'mene anthu aganizira. Pali wosunga katundu, amene awerenga mipira ndi majezi asanaturuke ndiponso atabwera. Payeneranso kukhala mai mmodzi kapena awiri m'komitimo, makamaka ngati timu iri ndi atsikana, kuti pa ulendo uli wonse ana akhale ndi wowayang'anira.

Koma udindo wobvuta koposa ndi wa msungicuma. Matimu ambiri sapasuka cifukwa ca kugonja pa bwalo. Apasuka cifukwa ca ndalama. Makolo asonkha, wa sitolo apereka, ana alima ganyu, koma pofika tsiku la ulendo m'thumba mulibe kanthu, ndipo palibe amene anganene kumene ndalamazo zinapita. Pamenepo manong'onong'o ayamba, makolo naleka kusonkha. Msungicuma wabwino alemba ngwee iri yonse yolowa ndi yoturuka, saturutsa ndalama popanda wapampando ndi mlembi kubvomera, ndipo awerenga buku lace mokweza pa msonkhano wa makolo. Ena acita manyazi kufunsa munthu wamkulu za ndalama. Manyazi otere ndi oononga. Munthu wokhulupirika sakwiya akamfunsa buku.

Nanga ndalamazo zicokera kuti? Mwana ali yense angapereke kangacepe pa mwezi, koma komiti yanzeru siithamangitsa mwana wamasiye cifukwa ca kusowa copereka. Njira yokomera alimi ndi munda wa timu: mfumu ipereka malo, ana alima nshawa kapena mpendadzuwa Loweruka m'mawa, ndipo zokolola zigula mipira ndi majezi. Palinso zikho zimene anthu ochuka aika, makamaka pa tsiku la ufulu la 24 October kapena masankho akayandikira. Mphotho zace zingakhale majezi, mpira, mbuzi kapena ndalama. Zimenezi tizilandire ndi manja awiri, koma tisaiwale kuti mpikisano wa sabata limodzi sulera mwana. Cimlera ndi kuyeserera kwa masiku atatu pa sabata, caka ndi caka, ngakhale palibe woonerera.

Mphunzitsi ndi misinkhu ya ana

Mphunzitsi wa mpira, amene anyamata amucha koci, sayenera kukhala cabe munthu amene kale anali kumenya mpira kwambiri. Kusewera ndi kwina, kuphunzitsa ndi kwina. FAZ pamodzi ndi bungwe la mpira la mu Africa la CAF icititsa maphunziro a aphunzitsi, ndipo zitupa zace zikwera kucokera pa D kupita pa C, B ndi A. Komiti imene isonkha ndalama kuti mphunzitsi wace akaphunzire yacita bwino koposa imene igula majezi onyezimira.

Cinthu coyamba cimene mphunzitsi wophunzira acita ndi kugawa ana monga mwa misinkhu yao: osapitirira zaka 10 paokha, osapitirira 13 paokha, ndiponso a 15 ndi a 17 paokha. Cifukwa cace nciani? Bwalo la akulu litalika mamita 90 kufikira 120, ndipo golo lace ndi la mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 msinkhu. Mwana wa zaka 9 akaimikidwa pa golo lotere ali ngati kamwanapiye pa khomo la nkhokwe. Ndipo ana 22 akathamangira mpira umodzi pa bwalo lalikulu, wina angathe kutha masewera onse ataukhudza kawiri kokha. Nanga adzaphunzira liti? Motero ana ang'ono asewera asanu-asanu kapena asanu ndi awiri mbali iri yonse, pa kabwalo kakang'ono, ndi mpira wopepuka wa nambala 3 kapena 4. Mpira wa nambala 5, wolemera magalamu 410 kufikira 450, ndi wa osinkhuka.

Pa msinkhu woyambawu mwana angofunika kuzolowerana ndi mpira: kuuyendetsa, kuuimitsa, ndi kuumenya ndi miyendo yonse iwiri. Mwendo wamanzere usakhale woyendera cabe. Mphunzitsi asafulumire kunena kuti uyu ndi wochinga kumbuyo, uyo ndi womwetsa zigoli. Ali yense alawe malo onse, ngakhale pa golo. Kumenya mpira ndi mutu kudikire. Ku America, kuyambira mu 2015, ana a zaka 10 ndi ocepera pamenepo saloledwa kumenya mpira ndi mutu, poopa kubvulaza bongo umene ukali wanthete.

Zaka za pakati pa 10 ndi 13 ndizo zokoma koposa, pakuti pamenepo thupi ligwira msanga ciri conse cimene aliphunzitsa. Apa ndipo mwana aphunzira kupatsira mnzace, kutukula mutu asanalandire mpira kuti aone kumene anzace ali, ndi kuthamangira pa malo popanda munthu. Ici cotsirizaci ncobvuta, cifukwa mtima wa mwana umuuza kuthamangira kumene kuli mpira. M'mera mpoyamba: cizolowezi coipa cimene mwana atenga pa zaka 12 cidzambvuta kucileka pa zaka 20. Kuyambira zaka 14 ndipo aphunzira bwalo lonse, malo ace eni-eni, malamulo onse 17 a mpira, ndi kulimbitsa thupi kuti atsirize mphindi 90.

Pali colakwa cimodzi cimene aphunzitsi ambiri agweramo. Pofuna cikho ca caka cino, asankha ana atali-atali ndi amphamvu okha, nauza ochinga kumbuyo kuti azingomenyera mpira kutsogolo kwa mnyamata waliwiro. Timu yotere ipambanadi, anthu naomba m'manja. Koma patapita zaka zitatu ang'ono aja akula nalingana nao, ndipo amphamvuwo apezeka kuti sadziwa kanthu kena koma kukankha. Pomwepo kamnyamata kaluso kamene kanali kukhala pa benci kanaleka kale mpira. Ana sakula pa nthawi imodzi. Lionel Messi wa ku Argentina anali wamfupi koposa anzace pamene timu ya Barcelona inamlandira ali ndi zaka 13. Akadaweruzidwa ndi msinkhu wokha, dziko silikadamdziwa.

Mphunzitsi ayang'anenso thupi la ana ace. Mwana amene sanadye kanthu kuyambira m'mawa sangathamange madzulo. Nsima ya nyemba, nshawa, mazira, kapenta, mbatata ndi ndiwo za masamba zikwanira kumanga wosewera. Zakudya za m'mabotolo sizifunika. Madzi akumwa akhale pa bwalo nthawi zonse, makamaka mu October dzuwa likaswa mtengo. Mwana wa malungo apite ku cipatala, osati ku bwalo. Mphezi ikayamba kung'anima, onse acoke pa bwalo msanga, ndipo asabisale pansi pa mtengo. Za kacasu ndi camba sitinena zambiri: mnyamata amene aganiza kuti camba cimuonjezera mphamvu adzaona yekha mpweya ukumthera anzace akali kuthamanga. Comweconso mankhwala okwirira pa golo usiku. Ndalama imene timu ipereka kwa sing'anga ikadagula mipira iwiri.

Bodza la zaka

Tsono tifike pa nthenda yaikulu ya mpira wa ana. Pa mpikisano wa osapitirira zaka 13 muona mnyamata wa ndebvu zometa, wa liu lonenepa, amene mwina ali ndi mkazi ku mudzi. Akulu a timu alumbira kuti anabadwa caka cakuti, ndipo anthu aseka, nayesa nkhani yaing'ono. Si yaing'ono ai. Ndi kuba.

Woberedwa woyamba ndi mwana wa zaka 13 zeni-zeni amene malo ace atengedwa. Waciwiri ndi mwana wa timu ina amene angathyoledwe mwendo pogundana ndi munthu wamkulu. Wacitatu ndi mwini wace wonamayo, pakuti posewera ndi ana saphunzira kanthu. Aoneka katswiri lero, koma akamuika pakati pa a msinkhu wace asanduka munthu wamba. Ndipo dziko lonse liberedwa, cifukwa lithirira mbeu imene inakhwima kale, nilisiya yanthete ikufota.

Kuyambira pa mpikisano wa dziko lonse la pansi wa anyamata osapitirira zaka 17 umene unacitikira ku Nigeria mu 2009, FIFA inayamba kupima anyamata ndi makina ochedwa MRI. Makinawa ajambula mafupa a pa mfundo ya dzanja. Mwa mwana amene akali kukula, nsonga ya fupa isanalumikizike kotheratu ndi thunthu lace. Mwa munthu wokhwima mpatawo watsekeka. Lilime linganame, pepala lingalembedwenso, koma fupa liulula. Makina otere sitingawapeze pa bwalo la ku mudzi, koma tiri ndi mboni zathu: khadi la ku sikelo, citupa ca kubadwa, ndi buku la maina la pa sukulu. Wofika zaka 16 ali ndi citupa ca NRC. Mlembi woona mtima aona zimenezi asanalembe dzina la mwana.

Mtunda ndi nyengo

Timu ya ku Lusaka ingapeze matimu ambiri opikisana nayo popanda kuturuka mu mzinda. Kuno si tero. Kucokera ku Katete kufika ku Chipata, kumene kuli bwalo la David Kaunda Stadium, pali makilomita pafupi-fupi 90, ndipo kufika ku Lusaka pafupi-fupi 500. Matimu a akulu monga Katete Rangers, Petauke United ndi Lundazi United anasewerapo m'gulu limodzi ndi matimu a ku Lusaka, ndipo mungaganize nokha ndalama za galimoto, cakudya ndi pogona pa maulendo otere. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, ndipo midzi yace yambiri iri kutali ndi tala. Ana apita ku masewera pa njinga, wina kupalasa wina kukwezedwa, kapena pa lole ya munthu wogula mbeu. Cifukwa cace ligi ya ana iyenda bwino ikagawidwa m'timagulu ta midzi yoyandikana, kuti opambana okha ndiwo ayende ulendo wautali.

Nyengo nayonso iri ndi ulamuliro. Kuyambira November kufikira April mvula igwa, mitsinje idzala, ndipo makolo afuna ana ku munda. Mphunzitsi amene aitana ana ku bwalo pa nthawi yopalira adzadana ndi mudzi wonse. Wanzeru apangana ndi makolo: nchito ya ku munda ndi ya sukulu poyamba, mpira pambuyo, ndipo mipikisano yaikulu aiika m'cilimwe, anthu atakolola.

Buku la mlembi ndi gawo la wolera

Tinalonjeza kunenanso za buku la maina. FIFA iri ndi lamulo lakuti wosewera akagulidwa ndi timu ya dziko lina pangano lace lisanathe, magawo 5 pa 100 a mtengo wace apatulidwe, agawidwe kwa matimu onse amene anamlera kuyambira zaka 12 kufikira 23. Pa caka ciri conse ca zaka 12, 13, 14 ndi 15 timu ilandira magawo 5 pa 100 a ndalama yopatulidwayo. Pa caka ciri conse kuyambira 16 kufikira 23 ilandira magawo 10 pa 100.

Tiyeni tiyese masamu. Tinene kuti mnyamata wagulidwa pa mtengo wa K1,000,000. Ndalama yopatulidwa ndi K50,000. Timu imene inamsunga zaka zinai zoyamba zija ilandira magawo 20 pa 100 a K50,000, ndiyo K10,000. Ndipo akagulidwanso ndi timu ya dziko lina, gawolo libweranso. Ndalama zotere zingathandize timu yaing'ono kulera ana ena ambiri. Koma pali cinthu cimodzi: timuyo iyenera kukhala yolembetsa ku FAZ, ndipo dzina la mwanayo liyenera kupezeka m'mabuku. Timu imene inamlera zaka zinai popanda kumlembetsa siilandira ngakhale ngwee imodzi, cinkana mudzi wonse ucitire umboni. Mwaona tsono kuti colembera ca mlembi ciri ndi mtengo wace.

Pamene pali ndalama, afisi safika mocedwa. Pali anthu amene ayendayenda ndi nsapato zowala ndi mafoni awiri, nauza makolo kuti, “Mwana wanuyu ndi golide, ndipatseni ndalama ya citupa ca ulendo ndi ya ndege, ndimpezere timu ku Ulaya.” Makolo agulitsa ng'ombe, munthu uja nazimirira. Ana ena a mu Africa atengedwadi ndi anthu otere, nasiyidwa m'mizinda ya cilendo opanda timu, opanda ndalama yobwerera. Dziwani ici: lamulo la FIFA liletsa kusamutsira mwana wosafika zaka 18 ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zowerengeka, monga pamene makolo ace asamukira ku dzikolo pa zifukwa zosakhudza mpira. Cifukwa cina cikhudza inu a ku Vubwi, amene mwacita malire ndi Malawi ndi Mozambique: mwana wokhala pa mtunda wosapitirira makilomita 50 kucokera pa malire angasewere m'timu ya tsidya lina imene irinso pafupi motero ndi malirewo, akapitiriza kugona kwao, ndipo mabungwe a mpira a maiko onse awiri akabvomera. Munthu akabwera ndi malonjezo, musasaine kanthu nokha. Uzani makolo, mkulu wa sukulu ndi komiti, ndipo iwo afunse ku FAZ. Timu yoona imene ifuna wosewera siipempha ng'ombe kwa atate wace.

Atsikana

Kale anthu anali kunena kuti mpira ndi wa amuna. Mau amenewo anatha mphamvu. Barbra Banda anayambira ku Bauleni, ndipo mu 2014, akali wamng'ono, anali m'timu ya atsikana athu osapitirira zaka 17 imene inapita ku Costa Rica ku mpikisano wa dziko lonse la pansi. Pa masewera a Olympic a ku Tokyo mu 2021 anamwetsa zigoli zitatu pokomana ndi Netherlands, namwetsanso zitatu pokomana ndi China. Mu 2023 timu yathu ya Copper Queens inasewera koyamba m'cikho ca dziko lonse la pansi ca akazi, nigonjetsa Costa Rica 3 kwa 1. Ndipo mu 2024 Barbra Banda anasankhidwa kukhala wosewera wamkazi wopambana mu Africa.

Bvuto la mtsikana wa kuno si luso, koma nthawi. Mlongo wace akapita ku bwalo, iye ali ku mjigo, ku nkhuni, kapena abereka mwana ku msana. Timu imene ifuna atsikana ikambirane ndi amai ao, itsirize kuyeserera dzuwa lisanalowe, ndipo isalole mwamuna ali yense, ngakhale mphunzitsi, kuitana mtsikana pa yekha. Mtsikana akaona kanthu kosayenera auze mai wa m'komiti kapena mphunzitsi wamkazi tsiku lomwelo.

Mpira ndi sukulu

Mwa ana onse amene asewera m'maboma athu atatu, amene adzadya za mpira ndi owerengeka ndithu. Ngakhale iwo amene afika pamwamba sakhalapo nthawi yaitali, pakuti miyendo itopa munthu akali ndi zaka zambiri za moyo patsogolo. Enock Mwepu, amene anthu anali kumucha Computer cifukwa ca nzeru zace pa bwalo, analeka kusewera mu October 2022 ali ndi zaka 24 zokha, madotolo atampeza ndi nthenda ya mtima yobadwa nayo. Timu ya Brighton inampatsa nchito yophunzitsa ana ace osapitirira zaka 9. Cifukwa ca zotere matimu abwino aika lamulo lakuti mwana wojomba ku sukulu sasewera Loweruka, ndipo mphunzitsi wa mpira aona lipoti la mwana ali yense pa kutha kwa temu. Wosewera ayenera kudziwa kuwerenga, pakuti tsiku lina adzampatsa pangano la masamba ambiri lolembedwa m'Cingerezi, namuonetsa pamene asaine.

Mafunso

1. Kodi timu yokhazikika isiyana bwanji ndi masewera a cimpombwa?
2. Cifukwa ninji ana ang'ono sayenera kusewera pa bwalo la akulu?
3. Chulani anthu amene aberedwa pamene mnyamata anama zaka zace.
4. Wosewera wagulidwa ndi timu ya dziko lina pa mtengo wa K4,000,000. Timu ya kwanu inamlera pa zaka 14, 15 ndi 16. Kodi idzalandira ndalama zingati?
5. Pimani bwalo la pa sukulu yanu ndi cingwe ca mamita 10, ndipo mulembe m'litali ndi m'lifupi mwace.
6. Lembani kalata kwa mfumu ya mudzi wanu yopempha malo a munda wa timu.